Arzelia Ankaima Pambali pa Kamera

A Lucius Threadgill anandipeza m'chaka cha 1921 ndikugulitsa matikiti pa kazenera ka nyumba ya kanema ya anthu akuda ku St. Louis. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anagula tikiti koma sanalowe. Anangoima pomwepo n'kumandiyang'ana mpaka anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza, kenako anandifunsa ngati ndinachitapo sewero. Ndinati ayi, ngakhale la kutchalitchi lomwe. Iwo anati zimenezo n'zazing'ono, chachikulu ndi nkhope, zinazo munthu amachita kuphunzira.

Dzina langa ndine Vesta Lanier. Agogo anga aamuna onse awiri anali azungu amene maina awo sitinkawatchula m'nyumba mwathu, ndipo khungu ndi tsitsi ndinatengera iwowo. M'masitolo akuluakulu a m'tauni ankandilandira ndi nsangala mpaka amayi anga, amene anali oderapo khungu, atalowa n'kundiitana kuti tizipita.

A Threadgill ankapanga mafilimu a anthu akuda okhaokha, oonetsa m'nyumba zathu za kanema, m'matchalitchi ndi m'masukulu. Ankati anatopa nako kuona anthu athu m'mafilimu a azungu akuba nkhuku ndi kutong'ola maso, ndipo pamenepo ankanena zochokera pansi pa mtima. Tinkajambulira pamwamba pa khola lakale la mahatchi. Mbali ina ya denga anaisasula n'kuikapo magalasi, chifukwa nyali zamphamvu tinalibe, tinkadalira dzuwa. Kamera inali ya mzungu wina wa ku Jeremani, a Kessler, amene ankalembedwa ganyu tsiku ndi tsiku. Mafilimu a nthawi imeneyo analibe mawu. Ndipo popeza lamba wojambulirapo anali wodula, chilichonse tinkachijambula kamodzi basi, chikalakwika chalakwika.

Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi Arzelia Pettiford. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, wamtali, wakuda bii, wa zala zazitali. Kwawo kunali ku Mississippi, ndipo anali atatha zaka khumi akuchita zisudzo m'matenti oyendayenda ndi m'maholo. Mufilimu yanga yoyamba anam'patsa kuti akhale mayi anga. Anam'thira ufa m'tsitsi kuti aoneke wa imvi, n'kumumanga pilo m'chiuno.

Tsiku loyambalo ndinayenera kulandira kalata yonena kuti bwenzi langa lafa ku nkhondo. A Kessler anayamba kupukusa kamera, ine n'kungoti njo ngati mtengo. A Threadgill ankakuwa kuti ndilire, ndipo chifukwa cha mantha ndinayamba kuseka. Kamera inaima. A Threadgill anavula chipewa n'kuchiponya pansi.

Arzelia ananyamuka pa bokosi limene anakhalapo, pilo wake ali lendelende, n'kukaima pambali pa kamera.

"Usayang'ane galasi la kamera, amwali," anatero. "Yang'ana ine. Chimene ndichite, iwenso chita chomwecho."

Sanalire. Anatenga kapepala, n'kukawerenga, n'kukapinda pakati. Anakapindanso, n'kukapindanso, mpaka kanakhala kakang'ono ngati batani, kenako anayamba kufunafuna thumba pa diresi lopanda thumba. Ine ndinkangotsatira ngati mwana wa sukulu. A Kessler atasiya kupukusa, m'chipinda monse munali zii. Nyuzipepala ya anthu athu ku Chicago inadzalemba kuti Vesta Lanier ali ndi chisoni cha munthu wamkulu m'thupi la mtsikana.

Kuyambira pamenepo ntchito inkayenda choncho. M'mafilimu asanu otsatizana Arzelia ankaima pambali pa kamera ndipo ine ndinkakopera. Akatha kundisewerera gawo langa, ankathiranso ufa kumutu n'kulowa kudzasewera lake, la mayi, la azakhali, la mayi wochapa zovala, mphindi ziwiri kapena zitatu. Pa zikwangwani dzina langa linkalembedwa zilembo zazikulu ngati dzanja. Lake linkakhala pansi penipeni, pafupi ndi la wosindikiza.

Chikhalirecho tinali pa chinzake. Tinkachita lendi m'nyumba imodzi, zipinda zoyang'anizana, ndipo Lamlungu tikachoka ku tchalitchi ankaphika nyemba zothira fupa la nkhumba ndi buledi wa chimanga. Ankanditchula kuti Dona. Ankati ndikamalira ndekha popanda iye ndimaoneka ngati munthu amene wamva fungo la nsomba yoola koma akuchita manyazi kunena. Ndinkaseka, chifukwa zinali zoona.

Nthawi zonse akafunsa kuti adzatsogolera liti filimu, a Threadgill ankati vuto ndi kamera, siona bwino nkhope yakuda, imangotulutsa maso ndi mano. Tsiku lina Arzelia anafunsa a Kessler pamaso pa aliyense ngati zimenezo zinali zoona. Bamboyo anatenga nsalu yoyera yoyala pabedi, n'kuuza amuna awiri kuti aigwire mbali ya kudzuwa, ndipo anam'jambula pang'ono pa kachidutswa ka lamba kotsala. Mawa lake tinakaona. Nkhope yake inatuluka yonse, mpaka kachipsera ka pachibwano.

A Threadgill sanachite manyazi. Anangosintha nyimbo.

"Si ine, achemwali, ndi anthu athu omwewa. Akalipira masenti awo amafuna kuona mtsikana wonga Vesta."

"Munawafunsa liti?" anatero Arzelia. "Munawaonetsapo wina n'kumukana?"

Iwo anati alibe ndalama zoyesera zinthu, n'kuuza aliyense kuti abwerere pa ntchito dzuwa lisanapendeke.

M'chaka cha 1925, Lamlungu lina masana akusita, Arzelia anandiuza za bambo ake. Dzina lawo anali a Isom. Ankalima thonje m'munda wa mzungu, ndipo tsiku lina anakangana ndi kapitawo pa nkhani ya sikelo yoyezera thonje. Patatha masiku awiri anawapeza atapachikidwa pa mtengo wa m'mbali mwa msewu wopita ku sitolo. Azungu a kumeneko analamula kuti aliyense asawatsitse mpaka sabata itatha. Amuna onse a m'deralo, ndi abusa omwe, anadzitsekera m'nyumba. Koma mayi ake a Arzelia, a Mahala, anatenga wilibala ndi mpeni wa kukhitchini dzuwa lili paliwombo, n'kudutsa pamaso pa azungu amene anakhala pakhonde la sitolo ndi mfuti zawo. Anadula chingwe, n'kuika amuna awo mu wilibala, n'kudutsanso pomwepo pobwerera. Arzelia anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankayenda pambuyo atanyamula nsapato imodzi ya bambo ake imene inagwa.

Anali atailemba kale nkhaniyo m'kope la ana a sukulu. Anati akufuna kukaipereka kwa a Threadgill, koma ankadziwa chimene chidzachitike.

"Akaikonda adzakupatsa iwe. Udzakane, Dona. Zina zonse ndakusiyira, sindinadandaulepo. Koma awa ndi amayi anga."

Ndinalonjeza. Ndinachita kugwira Baibulo lake, ngakhale iye sanandiuze kuti nditero.

A Threadgill anaikonda. Anawerenga kopelo ataimirira, osakhala pansi mpaka kumapeto. Patapita masiku atatu anandiitanira mu ofesi mwawo ndekha. Anati iyi ndiyo filimu imene idzatchukitse kampani kuyambira ku New York mpaka ku New Orleans, ndipo chithunzi changa chidzakhala pa chikwangwani chotalika ngati chitseko. Ndinawauza kuti gawolo ndi la Arzelia. Iwo anati Arzelia sangalipeze, ine ndikane kapena ndivomere. Ndikakana, ku Chicago kuli atsikana oyera khungu khumi amene angakwere sitima tsiku lomwelo. Ndinapempha kuti ndikaganizire. Mawa lake m'mawa ndinapita kwa mayi wosoka kukayezetsa diresi.

Mwina a Threadgill ankanena zoona za atsikana a ku Chicago aja. Ndakhala ndikudziuza zimenezo zaka zambiri. Koma tsiku limene lija sindinkaganiza za iwo, ndinkaganiza za chikwangwani.

Arzelia anandipeza kwa wosokayo nditaima pa mpando, atandiveka diresi la chiguduli lokhala ndi zigamba zoikidwa mwaluso paphewa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo zikanandipepukira. Iye anangotembenukira kwa wosoka uja n'kumuuza kuti zigambazo zikhale m'maondo, chifukwa munthu wotola thonje amang'amba m'maondo. Kenako anatuluka. Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso kuti Dona. Ndinakhala Vesta, ndipo Lamlungu chitseko chake chinkakhala chotseka.

Choipa china chinali chisanabwere. Titayamba kukonzekera, tinapeza kuti a Threadgill asintha nkhani. Kapitawo uja anam'chotsa, mtengo anauchotsa, azungu a pakhonde anawachotsa. Tsopano mwamunayo ankaphedwa ndi anthu akuda anzake, otchova juga ndi zidakwa, ndipo iwowo ndiwo ankakhala pakhonde la nyumba ya mowa mkaziyo akamadutsa ndi wilibala. Aka kanali koyamba kumva Arzelia akukweza mawu.

"Ndiye kuti bambo anga anaphedwa ndi anthu akuda tsopano?"

"Achemwali, ganizani bwino. Filimu yoonetsa azungu akupachika munthu siloledwa kumwera konse. Ikaloledwa, atiotchera nyumba za kanema, anthu ali m'kati. Mukufuna zimenezo?"

"Ndikufuna kope langa."

A Threadgill anati kopelo atha kum'bwezera, koma filimu ipangidwa ndithu, pakuti nkhani ya mkazi ndi wilibala ilibe mwini. Aliyense ankayembekezera kuti Arzelia achoka. Sanachoke. Anauza a Kessler, ine ndikumva, kuti ngati amayi ake akuwanamizira zina zonse, kayendedwe kawo kokha kakhale koona. A Threadgill anam'patsa gawo la mayi woyandikana naye nyumba, wosuzumira pa mpanda.

Za wilibalazo tinakajambulira pa msewu wafumbi kutsidya kwa mtsinje, mwezi wa Ogasiti, kukutentha koopsa. Mu wilibala anaikamo matumba a utuchi ovekedwa malaya ndi buluku. Kamera anaikweza pa ngolo kuti izitsogola, ndipo Arzelia ankayenda m'mbali mwake, manja ali m'mwamba pang'ono ngati wagwira zogwirira, koma m'manjamo mulibe kanthu. Sanawerame ngati munthu wachisoni. Anaongoka, chibwano chili patsogolo, akuyenda mosafulumira. Atafika pamene panayenera kukhala khonde, anaima, n'kutula wilibala yake yosaonekayo, n'kuwerama kukonza mutu wa munthu amene anagonamo kuti usagunde chitsulo. Kenako anayang'ana amuna a pakhondewo mmodzimmodzi, ngati akuloweza nkhope zawo, n'kunyamulanso.

Ine ndinaiwala kukopera. Ndinaima ndi matumba anga a utuchi n'kumaonerera. Ndipo a Kessler, popanda wowauza, anatembenuza kamera n'kuilozetsa kwa Arzelia, akupukusabe. A Threadgill sanawaletse. Arzelia mwini sanadziwe n'komwe kuti akujambulidwa mpaka anafika kumapeto kwa msewu. Pambuyo pake tinabwereza, kamera ili pa ine, ndipo ndinachita zimene ndinatha.

Kachidutswa ka Arzelia kameneka tinakaonera anthu atatu, a Threadgill, a Kessler ndi ine, m'kachipinda kotsukira mafilimu. Kanali kosakwana mphindi ziwiri. Katatha, a Threadgill anapukuta magalasi awo a m'maso. Kenako anati chinthu chotere sanachionepo, ndipo n'chifukwa chake sichingalowe mufilimu, chifukwa anthu akachiona sadzandikhulupiriranso ine. Anakadula ndi lumo n'kukaponya m'dengu la zotsalira, zimene ankagulitsa kwa anthu osungunula kuti achotsemo siliva. A Kessler ananena mawu ena m'chinenero chakwawo n'kutuluka. Ine ndinali pafupi ndi dengulo kuposa aliyense, ndipo sindinatambasule dzanja. Arzelia sanakaone kachidutswako, komanso sindinamuuze kuti ine ndinakaona.

Filimu inayenda bwino. Ku St. Louis inaonetsedwa milungu itatu, anthu akuimirira m'makoma. A Threadgill ankakonda kuyenda nayo okha m'matauni a kumwera atatenga osewera awiri kapena atatu kuti anthu awaone maso ndi maso, ndipo m'nyengo yokolola thonje tinafika kwawo kwa Arzelia. Iye anapempha kuti tauni imeneyo tiilambalale. A Threadgill anati n'zosatheka, abusa a kumeneko analengeza kale kuti mwana wa kwawo akubwera ndi filimu ya nkhani ya mayi ake.

Inaonetsedwa m'tchalitchi Loweruka masana, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete. Anthu anadzaza mpaka panja. A Mahala anawakhazika kutsogolo, mayi wamfupi woonda, atavala chipewa cha Lamlungu, ndipo mpando wanga unali pafupi ndi wawo. Poyamba anthu ankaseka ndi kuyankhira monga timachitira. Nditaoneka ine nditavala chiguduli chija, mayi wina kumbuyo anafunsa mokweza kuti kodi mzunguyu akutani m'munda mwa a Isom, anthu n'kuseka. Koma pamene otchova juga aja anatulutsa mipeni, kuseka konse kunatha. Munthu woimba piyano yoperekeza filimu anapitiriza yekha. Bambo wina wokalamba anadzuka n'kutuluka, ndodo yake ikugogoda pansi, ndipo ena anayi kapena asanu anam'tsatira.

Atachotsa mabulangete, palibe anaomba m'manja kupatula abusa, amene anaomba kawiri n'kuleka. A Mahala anagwira dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana chikhatho. Anandiuza mwaulemu kuti ndine mwana wokongola, ndipo Mulungu andisunge. Kenako anaitana mwana wawo, amene anaima kukhoma.

"Arzelia, ndiwe unawauza anthuwa kuti bambo ako anaphedwa ndi ana a kwathu konkuno?"

A Mahala anapitiriza.

"Amene anachita aja, atatu akadali moyo. Ndimawadutsa pa sitolo paja Loweruka lililonse. Pofika mawa akhala atamva kuti mwana wa Isom wawasambitsa."

Sanakalipe. Anakonza chipewa chawo n'kutuluka, ndipo anthu anawapatukira. A Threadgill anayesa kuwatsatira kuti akafotokoze za malamulo a kumwera, koma bambo wina wamkulu thupi anaima pakhomo n'kuwauza kuti amayiwo amva zokwanira.

Mawa lake pa siteshoni Arzelia sanakwere nafe. Anabwera kudzatenga sutikesi yake imene inali pamodzi ndi katundu wa kampani. Ndinam'tsatira mpaka kumapeto kwa pulatifomu, n'kumuuza kuti ndikafotokozera amayi ake kuti wolakwa si iye. Anandifunsa kuti ndikawauza kuti wolakwa ndani. Ndinati a Threadgill. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunyamula sutikesi yake.

Ndinapanganso mafilimu awiri popanda iye. Nyuzipepala za anthu athu zinayamba kufunsa kuti chamuchitikira n'chiyani Vesta Lanier, wina mpaka analemba kuti mwina ndikudwala. A Threadgill anabweretsa mtsikana wa ku Chicago. Mafilimu olankhula atafika, kampani inalephera kugula makina ake ndipo inatsekedwa mu 1929. Khola lija linasanduka garaja. Ine ndinakwatiwa ndi bambo wogwira ntchito ku positi, munthu wabwino, ndipo tinabereka ana atatu.

Arzelia anakhala kwawo chaka chimodzi, kenako anapita ku California. Ndinayamba kumuona m'mafilimu a azungu. Ankalowa ndi thireyi, ankamanga dona zingwe za diresi kumsana, ankatsegula chitseko n'kunena kuti kwabwera alendo. Mawu ake, amene ankadzaza tenti ya anthu mazana asanu, ndinawamva koyamba pa kanema akunena kuti, "Inde, dona." Dzina lake silinkalembedwa. Ndinkapita ndekha masana ana ali ku sukulu, n'kudikira ola lathunthu kuti ndimuone mphindi imodzi.

Ndinam'lembera makalata atatu kudzera kwa msuweni wake. Yachitatuyo, mu 1936, anaiyankha pa kapepala kamodzi.

"Vesta, makalata ako ndalandira. Ndili bwino. Amayi anamwalira chaka chatha, tinali titayambanso kulankhulana pang'ono. Kuno amandilemba kuti ndikhale wantchito, ndipo sandinamiza kuti akukweza mtundu wathu. Usalembenso."

Sindinalembenso. Anamwalira mu 1948 ku Los Angeles ndi matenda a impso, ndipo ndinamva patatha miyezi inayi. Mafilimu a a Threadgill palibe ndi imodzi yomwe imene inatsala. Ena anapsa, ena anaola m'zitini m'chipinda cha pansi kwa mlamu wawo.

Zaka zingapo pambuyo pake kunabwera mtsikana wa nyuzipepala ya anthu athu, akulemba za mafilimu akale. Ndinam'khazika pa khonde, n'kumuphikira khofi, ndipo ndinamuuza zonsezi kwa maola awiri, za kalata yopindapinda, za kope, za dengu, za a Mahala. Ndinam'tchulira dzina la Arzelia chilembo ndi chilembo. Ankalemba mwachangu, akugwedeza mutu, ndipo pochoka anapempha chithunzi changa cha 1925.

Nkhaniyo inatuluka tsamba lathunthu, chithunzi changa chili pakati. Ananditcha mfumukazi ya mafilimu athu oyambirira, mayi wodzichepetsa amene sakonda kudzitama. Chakumapeto kunali mzere umodzi wonena kuti ndimakumbukira mwachikondi mnzanga wina amene ankandithandiza pa ntchito, Azalea Pettiford. Ndinawalembera a nyuzipepalawo kalata yowongolera, yamasamba anayi. Anandiyankha kuti athokoza kwambiri, koma malo m'nyuzipepala ndi ochepa.